MICHAEL FARADAY, MWANA WA WOSULA ZITSULO (1791–1867)

Anyamata ndi asungwana a m'sukulu zazikuru amene asankha kuphunzira za magetsi amakomana ndi masamu ena otulutsa thukuta ngakhale m'mwezi wa June. Mabuku ao amachula zinthuzo ndi mau acilendo, bound charge, polarization ndi vector potential, ndipo masamba ace adzala ndi zizindikiro zimene ife ena sitingathe kuziwerenga. Koma munthu amene anakumba muzu wa zinthu zitatuzi nayenso sanathe kuwerenga zizindikiro zotere. Anali mwana wa wosula zitsulo, wosapita patali ndi sukulu. Cimene anali naco ndico manja aluso, maso osafulumira kukhuta, ndi funso limodzi limene sanalitaye zaka zoposa 30: kodi pa mpata wa pakati pa zinthu ziwiri zokokana pamacitika ciani?

Michael Faraday anabadwa pa 22 September 1791 ku Newington Butts, mudzi umene unali kumwera kwa London, ndi umene mzindawo unaumeza kale. Atate wace, James Faraday, anacokera kumpoto kwa England, ku Westmorland, dziko la mapiri ndi nkhosa, kudzafuna nchito yosula. Anali munthu wodwaladwala, kotero kuti masiku ambiri mvukuto unagona pansi ndi moto wa m'cipala unazima. Ana anali anai, Michael ndiye wacitatu. M'caka ca 1801 mtengo wa tirigu unakwera kwambiri m'dzikomo, ndipo mnyamatayo anapatsidwa mkate umodzi woti umfikitse mlungu wathunthu. Amene anaonapo nkhokwe iri yopanda kanthu m'mwezi wa February adziwa umo mkate wotere umadulidwira.

Banjali linali la kampingo kakang'ono kochedwa Sandemanian. Kanayamba ku Scotland ndi John Glas, mbusa amene anacotsedwa mu Mpingo wa Scotland m'caka ca 1730, ndipo amene anakafalitsa ndiye mkamwini wace, Robert Sandeman. Anthu awa analibe abusa olipidwa. Akuru ao anali amisiri ndi amalonda osankhidwa pakati pao pomwe. Tsiku la Sabata anadya pamodzi pakati pa mapemphero a m'mawa ndi a masana, anasambitsana mapazi, nayesa kuunjika cuma cinthu cosayenera Mkristu. Faraday anakhala mwa iwo kufikira imfa yace, ndipo zambiri zimene anazikana atakula sizimveka kwa munthu wosadziwa ici.

Sukulu inampatsa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera pang'ono, kwatha. Pofika zaka 13 anayamba nchito ya mtumiki kwa George Riebau, wogulitsa ndi womanga mabuku mu Blandford Street, namayenda m'mawa-mawa kupereka manyuzipepala m'nyumba za anthu. M'caka ca 1805 Riebau anamlandira kuti aphunzire kumanga mabuku zaka 7, osamlipiritsa kanthu. Tsono mabuku anafika m'manja mwace ali masamba okha-okha, ndipo asanawasoke anayamba wawawerenga. Buku la Isaac Watts, yemwe uja wolemba nyimbo zambiri za Cikristu, linamphunzitsa kusunga kabuku kolembamo zimene waona ndi kusafulumira kubvomera kanthu asanakayese. Buku la mai Jane Marcet linamtsegulira za kusanganiza mankhwala. Nkhani ya magetsi anaipeza mu Encyclopaedia Britannica imene munthu wina anabwera nayo kuti aimange, ndipo ataiwerenga anatola mabotolo akale ndi timatabwa napanga makina ace otulutsa timoto ta magetsi.

M'caka ca 1812 munthu wina wogula mabuku kwa Riebau anampatsa matikiti okamvera Humphry Davy, katswiri wochuka wa nthawi imeneyo, pa nyumba ya maphunziro yochedwa Royal Institution. Anamva ziphunzitso zinai, nazilemba zonse ndi zithunzi zace, nazimanga buku la masamba oposa 300, nalitumiza kwa Davy pamodzi ndi pempho la nchito. Mu March 1813 malo anapezeka, pakuti wanchito wina anacotsedwa cifukwa ca ndeu. Faraday analowa, kutsuka mabotolo ndi kukonza zipangizo, pa malipiro a masheleni 25 pa mlungu ndi pogona m'nyumba momwemo.

Caka comweco Davy anamtenga pa ulendo wa miyezi 18 ku France, Italy ndi Switzerland. Anaona Ampère ku Paris ndi nkhalamba Volta ku Milan, yemwe anapanga batire yoyamba. Koma ulendowo unali ndi minga yace. Mnyamata wanchito wa Davy anakana kupita, ndipo nchito yace inagwera Faraday. Mkazi wa Davy anamyesa wanchito wamba, namdyetsa pamodzi ndi akapolo a m'nyumba, namkhazika kunja kwa gareta. Analingalira zothawa kubwerera ku mabuku ace, koma anapirira, nabwera kwao mu April 1815.

Waya wozungulira ndi mphete ya citsulo

M'caka ca 1820 Hans Christian Ørsted wa ku Denmark anaona kuti magetsi oyenda m'waya apotoza singano ya kampasi imene iri pafupi. Anzeru a ku France anathamangira kucita masamu. Faraday anathamangira ku tebulo lace. Pa 3 September 1821 anaimika maginito m'mbale ya citsulo camadzi cochedwa mercury, nalendewetsa waya pambali pace, ndipo atalowetsa magetsi wayayo anayamba kuzungulira maginito osaleka. Ndiye kholo la injini zonse zoyenda ndi magetsi. Anafulumira kulengeza, ndipo inabuka mbiri yakuti waba nzeru ya William Wollaston, bwenzi la Davy. Mbiriyo sinali yoona, koma inampweteka mtima, ndipo Davy mwini, amene anamtola, anatsutsa kuti alowe m'bungwe la anzeru la Royal Society. Analowamo ndithu mu January 1824, wokana ali mmodzi yekha.

Caka ca 1821 cinali naconso zina. Pa 12 June anakwatira Sarah Barnard, mwana wa mkuru wina wa mpingo wao, ndipo patapita mwezi anaima pamaso pa mpingo nabvomereza cikhulupiriro cace. Sanaone mwana m'banja mwao, koma analera ana a abale ao m'zipinda za pamwamba pa Royal Institution.

Ngati magetsi abala mphamvu ya maginito, kodi maginito sangabale magetsi? Anayesa kangapo m'zaka 10, osaona kanthu. Pa 29 August 1831 anatenga mphete ya citsulo yotambalala mainchi 6, nakulunga waya wa mkuwa ku mbali yina, ndi waya wina ku mbali inzace, awiriwo osakhudzana, pakuti anaika nsaru ndi cingwe pakati. Waya woyamba anaulumikiza ku batire. Waciwiri anaupititsa pamwamba pa singano ya kampasi. Polumikiza batire singano inadumpha, nibwerera pamalo pace, ningokhala cete ngakhale magetsi anali kuyendabe m'waya woyamba. Podula batire inadumphanso, koma kulozera kwina. Apa mpamene panabisala cinsinsi zaka zonse zija: magetsi sabadwa ndi maginito wongokhala, abadwa ndi kusintha. Mu October anaona zomwezo polowetsa ndi kuturutsa maginito m'waya wokulunga. Dainamo ya pa njinga iyenda ndi lamulo limeneli, ndi makina akuru a pa Kariba momwemonso, pamene madzi a Zambezi azunguza maginito pakati pa mawaya a mkuwa.

Koma Faraday sanakhute. Anafunsa: pamene singano iri cete, kodi waya waciwiri ali monga analiri kale? Iye anati iai. Anaganiza kuti wayayo walowa mu mkhalidwe wina wokokeka, wosaoneka, umene udziulula pokhapo ulikuyamba kapena ulikutha, ndi kuti kudumpha kwaciwiri kuja ndiko kumasuka kwace. Anaucha electrotonic state. Anaufunafuna ndi zoyesa zamitundumitundu, osaupeza, ndipo m'caka cotsatira anauika pambali. Koma sanauiwale, ndipo tidzakomana naonso.

Nthawi yomweyo anasankha cinthu cimene anthu ambiri sakadacisankha. Amalonda ndi mabwalo a mirandu anali kumlipira bwino kuti awayesere katundu wao, kotero kuti ndalama za nchito imeneyi zinapitirira mapaundi 1,000 pa caka. Anaileka pang'ono-pang'ono kuti nthawi yace ipite ku funso lace, ndipo m'caka ca 1832 ndalamazo sizinafike ndi 200 pomwe.

Za m'kati mwa zinthu zosapititsa magetsi

Anzeru a masiku amenewo anaphunzitsa kuti mphamvu ya magetsi ilumpha mpata, kucokera pa cinthu cina kukagwira cinzace, monga ngati pakati palibe kanthu koyenera kukafunsa. Masamu ao anali okongola ndipo anapatsa mayankho oona. Faraday sanathe kuwatsata masamuwo, ndipo mtima wace unakana kuti cinthu cigwire nchito pamalo pamene palibe ico. Akawaza utuci wa citsulo pa pepala lokhala pamwamba pa maginito anaona utuciwo ukundanda m'mizere yokhota, ndipo kwa iye mizereyo inali yeniyeni, yodzaza mpata wonse.

Mu January 1836 anamanga cikwere cacikuru ca mapazi 12 mbali zonse, ca mitengo yokutidwa ndi waya, pepala ndi citsulo copyapyala. Analowa m'kati ndi makandulo ndi zoyesera zace, nalamula kuti acidzaze magetsi kufikira moto unathetheka kunja kwace. M'katimo simunamveke kanthu konse. Magetsi onse anakhala pa khungu la kunja, kuyang'anizana ndi makoma a cipinda, monga ngati ali ndi nchito ndi mpweya wa pakatipo.

Caka cotsatira anapanga zipangizo ziwiri zofanana, ciri conse mpira wa mkuwa wokhala m'kati mwa mpira wina waukuru, ndi mpata pakati pao. Mu cimodzi anasiya mpweya. Mu cinzace anaikamo galasi, kapena sulfure, kapena utomoni wouma wochedwa shellac, zonsezi zinthu zosalola magetsi kupyola. Anthu akadati sipadzakhala kusiyana, popeza zinthuzi zingochinga cabe. Koma cipangizo ca shellac cinalandira magetsi ambiri koposa ca mpweya, ndipo atawerengera anapeza kuti mpata wodzala ndi shellac usunga magetsi pafupi kawiri. Cinthu cimene anthu anaciyesa khoma lakufa cinali kugwira nchito. Dzina lakuti dielectric, limene zinthu zotere zidziwika nalo, anampatsa ndi William Whewell wa ku Cambridge, amene Faraday anakonda kumpempha maina atsopano. Henry Cavendish anaona zofanana zaka 60 m'mbuyomo, koma anazitsekera m'bokosi, ndipo sizinasindikizidwe kufikira 1879.

Kumasulira kwace nkotere. Magetsi ali a mitundu iwiri, positive ndi negative, monga muona zizindikiro ziwiri pa batire ya tochi. Yosiyana ikokana, yofanana ikankhana, ndipo m'cinthu ciri conse muli mitundu yonse iwiri yolingana, cifukwa cace sitiimva. M'citsulo magetsi ena ali omasuka, ayenda kumene akokedwa, monga mbuzi zosamanga. M'galasi kapena m'utomoni onse ali omangika. Taganizani dambo lodzala ndi mbuzi, iri yonse yomangidwa pa cikhomo cace, yina kuyang'ana uku, yina uko. Munthu akaima kum'mawa ndi mtolo wa msipu, zonse zitembenukira komweko, zikoka cingwe kufikira pothera pace, ndi kuima pomwepo. Palibe imodzi icoka pa cikhomo. Kutembenuka ndi kukokeka kumeneku ndiko polarization. Tsono mukayenda pakati pa gululo mupeza mutu wa iyi wagundana ndi mcira wa inzace, ponse-ponse momwemo, kotero kuti mitu ndi micira zilingana. Koma m'mphepete mwa kum'mawa muli mitu yokha-yokha, ndi m'mphepete mwa kumadzulo micira yokha-yokha. Mitu ndi micira ya m'mphepeteyi ndiyo bound charge, magetsi omangika. Aoneka pa nkhope ya cinthuco, akoka ndi kukankha monga magetsi ena onse, koma simungawatunge ndi waya, pakuti ali yense ali ndi mnzace kumbuyo kwace.

Mwana ali yense angayese izi m'nyengo yacisanu, mpweya uli wouma. Apese tsitsi ndi cipeso ca pulasitiki, nacisendeze pa tizidutswa ta pepala, ndipo tidzadumphira ku cipesoco. Pepalalo palibe analipatsa magetsi. Cipeso catembenuza mbuzi za m'kati mwace. Mbali yoyandikira ikokedwa, yakutali ikankhidwa, ndipo yoyandikira ipambana cifukwa iri pafupi.

Tiyeni ticite samu imodzi ya mtundu umene ophunzira aja amapatsidwa, koma yobvula zizindikiro zace. Pali mbale ziwiri za citsulo zoyang'anizana, mpweya pakati. Batire yaika miyeso 10 ya positive pa mbale yina ndi 10 ya negative pa inzace, ndipo batireyo taicotsa. Tsopano tidzaza mpatawo ndi cinthu ca nambala 2, monga Faraday anayesera shellac. Mphamvu ya pakati itsika kufika theka. Cifukwa ninji, popeza pa mbale sipanacoke kanthu? Cifukwa nkhope ya utomoni yokhudza mbale ya positive yaonetsa miyeso 5 ya negative yomangika, ndi nkhope inzace miyeso 5 ya positive. Kucotsa 5 pa 10 patsala 5. Mukasolola utomoniwo mphamvu yonse ibwerera, pakuti siinataike, inangophimbidwa. Nanga batire tikadaisiya yolumikiza? Pamenepo ikadakankha magetsi ena kufikira mphamvu ya pakati ibwerere mwakale: miyeso 20 pa mbale, 10 yomangika pa utomoni, kutsala 10. Momwemo mbale zomwezo zisunga kawiri. Tizipangizo tosunga magetsi motere tiri m'wailesi ndi m'foni iri yonse, ndipo muyeso wace unachedwa farad m'caka ca 1881, kutenga dzina la iye. Masamu obvuta afika pamene mbuzi zina zikoka kolimba kuposa zinzace, pakuti pamenepo mitu ndi micira sizilingana ngakhale pakati pa gulu, ndipo magetsi omangika aoneka m'kati mwa cinthu momwe.

Nambala ya madzi iri pafupi 80, ndiko kuti pa miyeso 80 madzi aphimba 79. Ici cithandiza kumvetsa za mcere. Tizigawo tace tiwiri tigwirana ndi kukoka kwa magetsi. Tikalowa m'madzi kukokako kufooka kwambiri, ndipo timwazikana. M'parafini, amene nambala yace iri pafupi 2, mcere ungokhala pansi. Faraday sanadziwe za electron, kanthu kakang'ono konyamula negative, pakuti J. J. Thomson anakapeza m'caka ca 1897, iye atafa kale. Anangoona kuti mphamvu ipatsirana kucokera ku kanthu kena kufika ku kanzace koyandikana nako, ndi kuti ikhota kuzungulira cochinga, cimene mphamvu yolumpha molunjika siikadacita.

Kudwala, ndi mnyamata wa ku Scotland

Nchito imeneyi inamtha. Kumapeto kwa 1839 anayamba cizungulire ndi kuiwala, ndipo kwa zaka ngati 4 sanathe kufufuza zambiri. M'caka ca 1841 mkazi wace anapita naye ku mapiri a Switzerland kuti akapume. Kuiwalako sikunamlekenso. Nthawi yina anagwira milungu 6 pa zoyesa zina, napeza pambuyo pace m'mabuku ace kuti anazicita kale miyezi ingapo yapitayo. Cimene cinampulumutsa ndi mwambo uja wa kulemba zonse. Ndime za m'mabuku ace a nchito anazipatsa manambala, ndipo zinafika 16,041.

Anasankhidwa mkuru wa mpingo m'caka ca 1840, namalalikira pa nthawi yace ndi kuyendera odwala. M'caka ca 1844 mpingo unamuika kunja milungu ingapo. Anadzicepetsa, nalandiridwanso, koma ukuru sanaubwerere kufikira 1860. Sanakonde kusanganiza za mpingo ndi za m'cipinda coyeseramo, ndipo sanayese kutsimikiza cikhulupiriro ndi mawaya. Komabe ofufuza moyo wace ambiri aona kuti kuumirira kwace kwakuti mphamvu zonse za cilengedwe ziri paubale kunamera pa kukhulupirira Mlengi mmodzi. Kuumirirako kunabala zipatso pa 13 September 1845, pamene anaonetsa kuti maginito wamphamvu apotoza kuunika kopyola m'galasi lolemera. Pena sikunabale: anayesa m'zaka za 1849 ndi 1859 kupeza ubale wa magetsi ndi mphamvu yogwetsa zinthu pansi, osapeza kanthu.

Akatswiri a masamu analemekeza manja ace, koma za mizere yodzaza mpata anaziyesa maloto a munthu wosaphunzira. Mmodzi wa iwo anali George Airy, mkuru wa oyang'ana nyenyezi a mfumu. Woyamba kuziyesa zoyenera masamu anali William Thomson, akali mnyamata. Pambuyo pace anadza James Clerk Maxwell wa ku Edinburgh, wobadwa m'caka ca 1831, caka ca mphete ija. Maxwell anatsimikiza mtima kuwerenga zolemba zonse za Faraday asanawerenge masamu a ena, ndipo anaona kuti nkhalambayo iganiza mwamasamu ndithu, ngakhale siilemba zizindikiro. Mu December 1855 ndi February 1856 anawerenga ku Cambridge kalata yace ya mizere ya Faraday, ndipo m'menemo anatola electrotonic state uja, amene mwini wace anamuika pambali zaka zoposa 20, nampatsa maonekedwe a masamu. Ndiye amene mabuku amucha vector potential. Franz Neumann wa ku Königsberg anafika pa cinthu cofanana m'caka ca 1845 poyenda njira ya masamu okha.

Mau akuti vector atanthauza cinthu cokhala ndi ukuru ndi kolozera komwe, monga mphepo. Pa mphete ija, mphamvu ya maginito iri pafupi yonse m'kati mwa citsulo, pamene waya waciwiri ali kunja. Nanga adziwa bwanji kuti m'citsulomo mwasintha? Yankho la Maxwell ndi lakuti pamalo pomwepo pali waya pali vector potential, wozinga citsulo monga wayayo acizinga. Taganizani munthu wokwera lole. Lole ikayenda mofanana pa mseu wosalala, munthuyo samva kanthu. Ikanyamuka agwera cambuyo, ikaima agwera kutsogolo. Liwiro linalipo nthawi yonse, koma limveka posintha pokha. Ndi momwemo singano ija inadumpha kawiri nikhala cete pakati. Wophunzira akapeza vector potential pamalo ponse, kupotana kwace kumpatsa mphamvu ya maginito, ndi kusintha kwace kumpatsa kukankha kwa magetsi; ndico cifukwa aphunzitsi saleka kumfunsa.

Maxwell anatumiza kalatayo kwa Faraday m'caka ca 1857. Nkhalambayo inayankha kuti poyamba inacita mantha poona masamu ocuruka cotero atasenzetsedwa pa maganizo ace, koma pambuyo pace inazizwa kuti maganizowo anapirira katunduyo. M'kalata yina ya caka comweco inapempha kuti akatswiri a masamu, atafika pa mayankho ao, aziwanenanso m'mau wamba, kuti anthu onga iye awagwire ndi kuwayesa. Pempho limeneli likali loyenera kumveka m'sukulu zambiri.

Maxwell anapitirira. M'zaka za 1861 ndi 1862 anatenga kukokeka kuja kwa m'zinthu zosapititsa magetsi, nati kucitika ngakhale pa mpata wopanda kanthu, ndipo masamu anamuonetsa mafunde othamanga makilomita ngati 310,000 pa sekondi imodzi, pafupi ndithu ndi liwiro la kuunika limene ena anali atayesa kale. Heinrich Hertz anapanga mafunde otere ku Germany m'zaka za 1887 ndi 1888, ndipo wailesi inamera pamenepo. Koma Hertz yemweyo ndi Oliver Heaviside anacotsa vector potential m'malamulo akuru, namuyesa mitengo yocirikiza imene omanga aicotsa nyumba ikatha. Anakhala cotero, wothandiza powerengera cabe, kufikira 1959, pamene Yakir Aharonov ndi David Bohm ku Bristol anaonetsa ndi masamu kuti ma-electron opita kunja kwa maginito wotsekeredwa, pamene palibe mphamvu ya maginito konse, ayenera kusinthika ndithu mayendedwe ao. Akira Tonomura ndi anzace ku Japan anatsimikiza ici m'caka ca 1986, ndipo cipangizo cao cinali kamphete kenanso, kakang'ono kosaoneka bwino ndi maso. Akatswiri akali kukambirana tanthauzo lace leni-leni.

Masiku otsiriza

Za nchito zace zina tingochula mwacidule. Kuyambira 1836 kufikira 1865 analangiza osunga nsanja za nyali zotsogolera zombo, namakwera nsanjazo m'mphepo ndi m'cisanu ali nkhalamba. M'caka ca 1844 anatumidwa pamodzi ndi Charles Lyell kukafufuza ngozi ya mgodi wa malasha ku Haswell, mmene munafa anthu 95, ndipo anacenjeza kuti pfumbi la malasha likuza moto wa m'migodi. Cenjezolo linagona zaka zambiri osasamalidwa. Pa nkhondo ya ku Crimea anakana kuthandiza kupanga mpweya wakupha. Nyengo ya Khrisimasi anaphunzitsa ana zaka 19, ndipo ziphunzitso zace za kandulo zinasindikizidwa m'caka ca 1861. M'caka ca 1857 anampempha akhale mtsogoleri wa Royal Society, bungwe lomwe lija Davy anafuna kumtsekera, ndipo anakana.

M'caka ca 1858 anasamukira ku nyumba ya ku Hampton Court imene Mfumukazi Victoria anampatsa. Coyesa cace cotsiriza anacicita pa 12 March 1862, kufuna kuona ngati maginito asintha kuunika kwa lawi la moto. Sanaone kanthu, pakuti zipangizo zace zinali zofooka. Pieter Zeeman wa ku Holland anaciona m'caka ca 1896. Caka comweco ca 1862 anaphunzitsa anthu kotsiriza, ndipo m'caka ca 1864 anatula ukuru wa mpingo, popeza mutu sunalinso kusunga mau. Zaka zotsalazo anakhala pa mpando pafupi ndi zenera, wosalankhula zambiri, mkazi wace ndi mwana wa mbale wao akumsamala. Anamwalira pa mpandopo pa 25 August 1867, ali ndi zaka 75.

Maliro ace anali a abale ndi abwenzi owerengeka, monga anafunira mwini. Anamuika ku manda a Highgate, kumpoto kwa London, ku cigawo ca anthu osakhala a Mpingo wa England, ndipo pa mwala analembapo dzina ndi masiku a kubadwa ndi kufa. Sarah anakhala zaka zina 12, naikidwa m'manda omwewo m'caka ca 1879, caka cimene Maxwell anamwalira ali ndi zaka 48.